Dothi la Pamanda a Fanwell

Ku Kanyama, mukafika pa kamsika ka kuseri kwa chigayo n'kufunsa kuti amake Ennie ali kuti, anthu amayamba akuyang'anani kaye, kenako wina n'kuti, "Oo, mukamba ba vakuda?" Dzinali linamukakamira Eneless ngakhale zovala zakuda anavula kalekale. Anthu a m'komboni ndi otero, akakupatsa dzina salanda, ndipo ambiri mwa amene amalitchula masiku ano sadziwa n'komwe kumene linachokera.

Eneless anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ali mtsikana, atakwatiwa ndi Fanwell Sakala, dalaivala wa malole pa kampani ina ya ku Indasitiriyo, dera la mafakitale. Masiku amenewo kukwatiwa ndi dalaivala wa msewu wa ku Dar es Salaam kunali mwayi woti anzako ankakuchitira nsanje poyera. Fanwell ankabwera ndi mpunga, sopo wonunkhira ndi zitenje zoti ku Lusaka kunalibe. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo akafika kuchokera ku ulendo ankangogwera pabedi ndi nsapato zomwe. Mkazi wake akamufunsa kuti kumene amapitako n'kotani, yankho linali limodzi: "Kutentha chabe." Ndiye za dziko limenelo Eneless ankangodziwa kutenthako basi.

Kenako zinthu zinayamba kuthina. Ufa unakhala wa pamzere, mafuta ophikira a pamzere, ndipo nthawi zina munthu ankaima pamzere osadziwa chimene akugulitsa kutsogoloko. Ku kampani malole anayamba kugona pamiyala, amakaniko akuchotsa matayala a iyi n'kuika pa iyo. Pa ulendo wake womaliza Fanwell anatumidwa kukatenga feteleza kumpoto kwa Dar es Salaam, m'mbali mwa nyanja ya mchere, ali ndi mnzake wa pantchito, ba Nason. Malungo anamugwira panjira, ndipo anamwalira m'kamudzi kena ka m'mphepete mwa msewu. Akuluakulu a kampani anati galimoto yokatenga mtembo palibe. Ba Nason anaika mnzawo mothandizidwa ndi akhristu a kumeneko, n'kubwerera ku Kanyama ndi bulangete, nsapato ndi kapu ya malata.

Amake Fanwell, amene ankakhala kwa mlongo wawo ku Chawama, anayang'ana zinthuzo osagwetsa msozi ndi umodzi womwe.

"Bulangete si mtembo," anatero. "Ine mwana wanga sindinamuone atafa. Mukatenge dothi la pamanda pake, tidzaliike m'nthaka ya kuno. Pamenepo ndidzalira, pamenepo tidzameta, pamenepo uyu tidzamusudzula. Kupanda apo ndi mkazi wa Fanwell, ndipo adikire mwamuna wake."

Musafulumire kuwatcha ankhanza mayiwa. Mwa ana onse amene anabereka, Fanwell ndiye anatsala yekha, ndipo mtima wawo unakana kutseka chitseko. Amene ine ndimawaipidwa nawo ndi abale ena aja, amene ankavomereza kuti inde Fanwell sanafe, koma wailesi ndi njinga yake anagawana sabata yomweyo.

Choncho Eneless anatsala pakatikati, wamasiye ayi, wapabanja ayi. Zakuda zimene anzake amavula chaka chikatha, iye anazivala chaka choyamba, chachiwiri, mpaka chachitatu, mpaka zinayamba kufiira m'mapewa. Mkazi wosasudzulidwa anthu amamuopa. Mnansi akabereka sankamupatsa khanda kuti anyamule. Pa ukwati ankakhala kumbuyo pafupi ndi miphika, osaloledwa kuvina. Zitumbuwa zimene ankagulitsa anthu anayamba kuzilambalala, mpaka anasiya n'kuyamba kugulitsa makala, amene aliyense amagula osafunsa kuti wagwira ndani. Zinkamuwawa kwambiri, makamaka poona mwana wake Ennie akukula akuganiza kuti amayi ake anabadwa ndi nsalu yakuda.

Amene anamutulutsa pamenepo ndi ba Virginia Mwaba, mayi wa ku Kitwe wa mawu aakulu, wogulitsa zitenje pa msika womwewo. M'masitolo a m'tauni munali mashelefu okhaokha, ndiye amayi a pamsika anagwirizana zochita hayala kabasi kuti akapikule okha katundu ku Dar es Salaam. Woyendetsa kabasiko anali ba Nason, amene kampani itatsekedwa anapeza ganyu kwa munthu wina wa ku Matero. Tsiku lina ba Virginia anaima pa mulu wa makala, manja ali m'chiuno.

"Amake Ennie, muzankhala mu vakuda mpaka liti? Tiyeni na ife. Ba Nason baziba pali manda ya mwamuna wanu, pamene banamushika. Tikasiliza kugula tizapita mumbali mwa nyanja, imwe mutenge dothi, ife tioneko manzi ya salt yamene bakamba."

"Banzanu bazavomela?"

"Awe mwandi, bavomela kudala. Ninabauza kuti kuli ma bichi monga ya mu filimu."

Eneless anagulitsa kabati, anasiya Ennie kwa mnansi, n'kukwera.

Ulendowo unali wa phokoso. Kabasiko kankatentha ngati mbaula, ndipo pa chitunda chilichonse amayi ankaimba nyimbo ya kutchalitchi kuti kakwere. Anadutsa Kapiri, Mpika, Nakonde, akudya chinangwa chootcha ndi nthochi za m'njira. Atalowa m'nkhalango ya nyama ya Mikumi, kumene msewu umadutsa pakati penipeni, ba Nason anachepetsa liwiro. Mbidzi zinali gwa m'mbali mwa msewu, zonenepa ngati zimadyetsedwa gaga. Nyamalikiti zinasuzumira pamwamba pa mitengo ndi makosi awo aatali, ndipo mayi wina anafunsa ngati nyama imeneyi ikadwala pakhosi imachira chaka chomwecho. Njovu inatulukira ndi kamwana kake n'kuima pamsewu, ndipo amayi onse aja, odziwa kukalipira apolisi pa boda, anangoti zii, wina atabisa mutu m'chitenje. Pambuyo pake nyani analowetsa dzanja pawindo n'kuthawa ndi buledi wa ba Virginia, iwo n'kumutukwana m'Chibemba mpaka anazimiririka m'tchire.

Eneless naye ankayang'ana, koma mtima wake unali kwina. Ankaganiza kuti Fanwell anadutsa pano kambirimbiri, anaona zonsezi ndi maso ake, koma sanamuuzepo ngakhale za njovu. Anamukwiyira pang'ono, kenako anamumvera chisoni, pozindikira kuti munthuyo ankafika kunyumba atatheratu.

Atamaliza kupikula katundu mu mzinda, mitolo ya zitenje ndi makatoni a sopo zitadzaza mipando yakumbuyo mpaka kudenga, analowera kumpoto. Msewu unali woipa, ndipo ena anayamba kung'ung'udza kuti anabwerera malonda, osati maliro a eni. Koma nyanja itaonekera pakati pa mitengo ya kokonati, yobiriwira, yopanda tsidya, kung'ung'udza konse kunatha. Ankaimitsa kabasi paliponse pamene paoneka mchenga, kumwa madzi a kokonati, kutola zigoba zokapatsa ana, n'kupitiriza.

Manda anali kuseri kwa katchalitchi ka malata, m'udzu wofika m'chiuno. Mtanda wa mtengo chiswe chinadya kalekale. Ba Nason anazungulirazungulira thukuta lili kamukamu, Eneless akuwatsata mtima uli m'mwamba, mpaka anapunthwa pa chimene ankafuna, chitsulo cha sipuling'i ya lole chimene anakhoma kumutu kwa manda tsiku lija. Anavula kapusi n'kupatuka.

Eneless anagwada. Mtumbira unali utatitimira, ndipo mbuzi zinali zitapondaponda. Anazula udzu wonse ndi manja mpaka zala zinatuluka magazi.

"Atate ake Ennie, ndine. Ndachedwa, koma ndabwera. Ennie wakula, watenga mphumi yanu. Amayi akukudikirani. Tiyeni kwathu."

Mvula inali itagwa dzulo lake, ndiye dothi linali lonyowa, lofiira, lomata m'manja. Anakumba la kumutu, n'kuvula duku lake lakuda, n'kumangamo. Analira mpaka mawu anatha, ndipo amayi anzake, amene anaima patali pansi pa mtengo wa mango, analira naye aliyense zake.

Pokwera kabasi m'pamene panabuka nkhani. Mayi wina ataona Eneless akufuna kuika kamtoloko pansi pa mpando, anakuwa.

"Awe! Dothi ya kumanda pafupi na katundu? Bizinesi izafa. Palibe azagula chitenge olo chimozi."

Onse anavomereza, ngakhale ba Virginia, chifukwa wamalonda aliyense wa pamsika amadziwa kuti za kumanda zikakhudza katundu, malonda amazizira. Anagwirizana kuti Eneless akhale pafupi ndi chitseko, kamtolo kali pamiyendo, ndipo akatsika azitsika nako. Iye sanadandaule. Anakafungatira ngati khanda, chinyontho chofiira chikulowa m'siketi yake.

Mawa lake, atabwerera mtunda wautali chakummwera, dizilo anayamba kuchepa. Ba Nason anamva kuti m'tauni ina ya kumtunda akugulitsa wa m'zigubu, ndiye anatsitsa amayiwo pagombe kuti apite okha kabasi katapepuka. Dzuwa linali pamutu.

Gombe limenelo linali losiyana ndi ena aja. Madzi anali kutali kwambiri, kamzere kowala chabe, ndipo pakati ponsepo panali mchenga wosalala ngati bwalo lozira. Amayi anayamba kuyenda kulondola madziwo. Atayenda ndithu anapeza ngalawa itagona chammbali pamchenga, chingwe chake chili lende.

"Onani, na kuno vinthu vinafa," anatero ba Virginia. "Monga ma lole ya ku Indasitiriyo."

Onse anaseka, n'kugwirizana kuti chingalawa chakufachi chikhale posungira zinthu. Anavula nsapato n'kuziunjika pambali pake. Musawaseke. Awa anali anthu odziwa madzi a Kanyama, amene amabwera ndi mvula n'kukhala m'nyumba mpaka mwezi wa Epulo, ndi a mtsinje wa Kafue, amene amadzaza dzinja n'kuphwa chilimwe. Kumwamba kunalibe kamtambo ndi kamodzi komwe. Ndani mwa iwo akanaganiza kuti pali madzi amene amachoka m'mawa n'kubwerera masana a tsiku lomwelo, popanda mvula?

Eneless anafuna kutsala, koma anzake anamukoka. Poopa kuti kamtolo kangagwere m'madzi, anaganiza zokasiya. Ndipo poti dothi linali likadali lonyowa, anamasula duku n'kuliyala padzuwa pafupi ndi nsapato, n'kutsamiritsa timiyala m'makona, kuti liume lisamuvute panjira. Anachita zimene mkazi aliyense wosamala akanachita.

Madzi anali ofunda. Amayi anakwinya zitenje mpaka m'mawondo, akulawa mcherewo n'kulavula, akuthawa nkhanu, akuwazana ngati ana a sukulu. Ba Virginia anaterereka n'kukhala pansi kuti phwatha, miyendo m'mwamba, ndipo Eneless anaseka. Anaseka kwambiri mpaka kugwira m'mimba, kuseka kumene sanasekepo chichokere Fanwell. Mtolo wa zaka zonse zija unali utatsika, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuyang'ana kumbuyo.

Anayamba kumva asodzi akukuwa kumtunda m'chinenero chawo, akukupiza manja. Amayi anaganiza kuti ndi moni, nawonso n'kukupiza. Kenako wina anaona kuti madzi amene anali m'akakolo afika m'mawondo pamene iwo sanasunthe. Atatembenuka, bwalo lija kunalibe. Madzi anali atawazungulira mwakachetechete kudzera m'makwawa a mumchenga, ndipo ngalawa yakufa ija inali itadzuka, ikuyandama, ikugwedezeka pachingwe chake.

Eneless anathamanga m'madzi ofika m'chiuno, akugwa n'kudzuka. Nsapato zinali mbwee pamwamba pa madzi, ina uku ina uko. Pamene panali duku anagwada mpaka madzi anamufika m'khosi, akupapasa pansi, akutapa ndi manja onse awiri, koma chilichonse chimene ankatulutsa chinali mchenga woyera. Asodzi awiri anachita kumukoka kuti atuluke. Mmodzi anamubweretsera duku, limene linakodwa pachingwe cha ngalawa, litachapika bwinobwino.

Ba Nason atabwera anapeza amayi ali pansi pa mitengo, opanda nsapato. Eneless anawagwira miyendo.

"Mulamu, tibweleleko. Nizatenga chabe pang'ono. Sinizachedwa."

Ba Nason anayang'ana kumbali, misozi ili m'maso. Dizilo amene anapeza anali wongokwana kukafika pa pampu ya kutsogolo, ndipo mapepala a pa boda anali pafupi kutha masiku. Kubwerera kunali kugona panjira ndi katundu wa anthu, amene ena anagulitsa mbaula ndi mabedi kuti amupeze. Eneless anayang'ana anzake mmodzimmodzi, ndipo aliyense anaweramitsa mutu. Sanawakwiyire, chifukwa iyenso akanakhala iwo akanawerama chimodzimodzi.

Ba Virginia anatenga duku lija, n'kupita pamene mchenga unali wouma, n'kutapa ndi manja awo aakulu, n'kumanga mfundo ziwiri.

"Tengani. Dothi yake yasungunuka mu manzi yamene aya, na manzi yapita pa mchenga wamene uyu. Alimo. Ife tonse tinaona kuti munafika pa manda. Wamene azakamba vina azaonana na ine."

Eneless analandira, koma mumtima ankadziwa kuti Fanwell mulibemo. Ulendo wonse wobwerera anakhala pa mpando wake wa pachitseko, kamtolo kali pamiyendo. Podutsanso m'nkhalango ya nyama palibe amene anakuwa.

Ku Chawama abale anasonkhana pabwalo. Eneless analowa chogwada, n'kuika kamtoloko pamphasa patsogolo pa apongozi ake. Panjira yonse anali atatsimikiza kuti anena zoona, zivute zitani, ndipo mawuwo anali okonzeka pakamwa. Mayiwo anamasula mfundo. Mchenga unati mbee padzuwa. Malume ake a Fanwell anakweza nsidze n'kuyang'ana ba Nason, ba Nason n'kuyang'ana pansi. Eneless anatsegula pakamwa.

Koma mayiwo anali atalowetsa kale dzanja mumchengamo. Anautapa, n'kuusiya kuti uyoyoke pakati pa zala, n'kuutapanso.

"Woyera chonchi? Wofewa chonchi?" anafunsa motsitsa. "Ine zaka zonsezi ndimalota atamutaya m'matope ngati galu. Kani mwana wanga anagona pabwino."

Pamenepo analira. Maliro amene anawatsekera zaka zitatu anatuluka onse nthawi imodzi, mpaka anansi anathamangira kudzaona amene wamwalira. Anagwa pamphasa atakumbatira duku, akuitana mwana wawo ndi dzina la paubwana. Eneless anatseka pakamwa pake. Ndani akanalanda mayi ameneyo chimene anali atagwira?

Mchengawo anakauika ku manda a Chingwere, m'kadzenje kakang'ono kumapazi kwa bambo ake a Fanwell, abusa atapemphera. Abale anamumeta Eneless, anamuvula zakuda, n'kumuveka chitenje chatsopano cha maluwa. Apongozi ake anamugwira dzanja pamaso pa onse.

"Wandibweretsera mwana wanga. Pita, ndiwe mfulu. Ukapeza mwamuna, ukwatiwe, ine ndidzavina."

Anthu analulutira. Eneless anawomba m'manja n'kuthokoza monga mwa mwambo. Ndipo chodabwitsa, mwa amayi onse a m'kabasi kaja, anthu oti nkhani siigona m'kamwa mwawo, palibe ndi mmodzi yemwe anaulula.

Amuna anabwera ndithu, wowotcherera zitsulo wa ku Kalingalinga, ndi wina mlonda wa ku fakitale, munthu wabwino. Onse awiri Eneless anawakana mwaulemu, osapereka chifukwa. Anthu ankati ndi chikondi, ena ankati ndi kunyada. Zoona zake n'zakuti iye sankadziona kuti anasudzulidwa, poti amene anamumasula anamumasula ndi mchenga wa pagombe. Anabwerera ku makala ake, analera Ennie, ndipo ankati zinthu zikadzayamba kuyenda bwino adzapitanso yekha kukatenga dothi lenileni. Zinthu sizinayende bwino. Ba Nason, munthu yekhayo wodziwa njira ya kumudzi kuja, anamwalira chaka cha kolera.

Apongozi ake anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, ndipo anamukonda Eneless kuposa mwana wobereka okha. Mvula ikatha chaka chilichonse ankamutumizira uthenga kuti abwere ndi khasu, apite ku Chingwere. Kumeneko mayiwo ankakhala pansi pafupi ndi kamtumbira kaja, miyendo atatambasula, n'kumamufotokozera mwana wawo zonse, za mtengo wa ufa, za mwendo umene ukuwawa, za Ennie amene wakhoza mayeso. Ankachoka nkhope ili yowala. Eneless ankapalira mozungulira, mosamala, osasiya kaudzu ndi kamodzi komwe, ndipo ankalira. Apongozi ake ankamusisita pamsana n'kumati asalire, Fanwell ali pompano. Iye ankangogwedeza mutu n'kupitiriza kupalira, maganizo ali kuseri kwa katchalitchi ka malata, kumene udzu unameranso ndipo kulibe womupalira.